Ngati ndi chishango chabe, mkwiyo wa Russia ndi China ukuchokera pati?

Wowerenga wathu wina wa ku Zomba, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wafunsa motere: "Ndimamva pa wailesi kuti America yaika zida zotchinga mizinga ku Poland, ku Romania ndi ku South Korea, ndipo Russia ndi China akwiya nazo kwambiri. Ngati zidazi ntchito yake ndi kuteteza osati kuputa, mkwiyowo ukuchokera pati? Nanga dziko lolola kusunga zida za mnzake limapindulanji?"

Bambo, zidazi n'zotetezadi, ndipo amene amanena choncho sakunama. Koma pa nkhani ya zida za nyukiliya, chishango chimaopsa mofanana ndi mkondo. Taganizani amuna awiri ayang'anizana, aliyense mkondo uli m'manja. Palibe angayambe kuponya, poti akudziwa kuti mnzakeyo abwezera. Ndiye mmodzi atole chishango. Iyeyo mtima wake ukhala pansi, koma winayo ayamba kuwerengera kuti uyu tsopano angathe kundibaya, ine n'kubwezera pachabe. Maganizo amenewa ndi amene anachititsa America ndi Soviet Union kusainirana pangano la ABM mu 1972, loletsa mbali zonse ziwiri kumanga chitetezo chophimba dziko lonse. Anagwirizana dala kuti onse akhale pambalambanda kuti mantha awasunge. Mu Disembala 2001 pulezidenti George W. Bush analengeza kuti America ikutuluka m'panganoli, ndipo inatulukadi mu Juni 2002. Mikangano imene mukuimva pa wailesiyo mizu yake ili pamenepo.

Mwina mungadabwe kuti bwanji America osangomanga zidazi kwawo. Mzinga woponyedwa patali umakwera m'mwamba kwambiri, nthawi zambiri mpaka kupitirira pamene pathera mpweya, kenako n'kutsika molunjika pamene aulozetsa. Kuti uugwetse uyenera kuuona msanga, n'kutumiza mzinga wina wokakumana nawo panjira. Mizinga yotchinga ya America, yotchedwa SM-3 ndi THAAD, ilibe bomba kumutu. Imangowomba mzinga wa adaniwo ndi liwiro lake, zonse n'kuphwanyikira m'malere. Tsono popeza dziko lapansi ndi lozungulira, radar (makina oonera zinthu zouluka patali) yomwe ili kutali siuona mzinga kufikira utakwera kale. Radar iyenera kukhala pafupi ndi komwe mzinga ukuchokera, ndipo zoponyera ziyenera kukhala pansi pa njira yomwe mzingawo udzadutse. Malo oterewa ali m'mayiko a eni ake, ndiye America iyenera kupempha.

Pali mfundo ina imene ambiri saiganizira. Mzinga wochokera ku North Korea umafika ku South Korea m'mphindi zowerengeka. Palibe nthawi yodzutsa pulezidenti, kuitanitsa nduna kapena kufunsa aphungu. Malamulo onena kuti tidzaponya zinthu zikafika pakuti amalembedwa kale, ndipo chala chimene chili pa batani n'cha msilikali wa America. Ku Deveselu ndi ku Redzikowo, komwe kwaikidwa zida zotchingazi, nthaka ndi ya Romania ndi Poland, koma oyendetsa zida ndi asilikali apamadzi a America, ndipo ulamuliro wa chitetezo chonsechi uli ku likulu la asilikali a m'mlengalenga a NATO (mgwirizano wa zankhondo wa America, Canada ndi mayiko a ku Ulaya) ku Ramstein, ku Germany. Dziko lopereka malo limakhala mwini nthaka, koma chiganizo cha mphindi imeneyo sichikhala chake.

Nkhani ya Poland ndi Czech Republic ndi imene imaonetsa bwino mmene abwenzi amapwetekerana popanda kudana. Boma la Bush linafuna kuika mizinga khumi yotchinga ku Poland ndi radar yaikulu ku Brdy, kumwera chakumadzulo kwa Prague. Linkanena kuti mdani ndi Iran. A ku Poland sankagona tulo chifukwa cha Iran. Mantha awo anali Russia, ndipo mizinga khumiyo sikanawateteza ku Russia n'komwe. Chimene ankafuna ndi asilikali a America okhala pa nthaka yawo, kuti aliyense woponya bomba ku Poland adziwe kuti akhoza kupha Mmereka. Boma la Poland la Donald Tusk linakokakoka zokambirana kwa miyezi, likufuna kuti America iwonjezerepo mizinga ina yotchinga yotchedwa Patriot. Mu Ogasiti 2008 Russia inamenyana ndi Georgia, ndipo zokambirana zinatha msangamsanga: pa 20 Ogasiti nduna za zakunja, Condoleezza Rice wa America ndi Radosław Sikorski wa Poland, anasaina pangano ku Warsaw. Patangopita miyezi yosakwana itatu, pulezidenti wa Russia wa nthawiyo, Dmitry Medvedev, analengeza kuti dziko lake lidzaika mizinga yoputira ya Iskander ku Kaliningrad, chigawo cha Russia chimene chili pakhomo penipeni pa Poland.

Ku Czech Republic zinthu zinali zolimba kuposa apo. Kafukufuku wa maganizo a anthu ankaonetsa kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse sankaifuna radar imeneyi. Boma la Mirek Topolánek linasainabe pangano mu Julayi 2008, n'kutaya chikondi cha anthu ake chifukwa cha bwenzi. Mu Malichi 2009, litaona kuti aphungu akana, linabweza panganolo m'nyumba ya malamulo voti isanachitike, ndipo mwezi womwewo bomalo linagwa, ngakhale kuti zifukwa zinalipo zambiri. Ndiye pa 17 Seputembala 2009, pakati pa usiku patangodutsa pang'ono, Barack Obama anaimbira foni nduna yaikulu yatsopano, Jan Fischer, kumuuza kuti radar ija siimangidwanso. Ku Poland tsikulo linabaya mtima kwambiri, chifukwa 17 Seputembala ndi tsiku limene asilikali a Soviet Union analowa m'dzikolo mu 1939, ndipo chaka chimenecho ankakumbukira zaka 70.

Kunena zoona, chiganizo cha Obama chinali ndi nzeru zake. Dongosolo latsopano linagwiritsa ntchito mizinga ya SM-3 imene inali itayesedwa kale pa sitima zapamadzi, ndipo linkaphimba kumwera kwa Ulaya komwe dongosolo la Bush linkasiya pamtunda. Pa msonkhano wa ku Lisbon mu Novembala 2010, NATO inalandira ntchitoyi kuti ikhale ya mgwirizano wonse. Koma kachitidwe kake kanali koipa. Atsogoleri a dziko limene boma lake linanyozedwa ndi anthu ake pofuna kukondweretsa America anamva za kusinthako usiku, pa foni, maola ochepa dziko lonse lisanamve. Ngakhale Patriot imene Poland inalimbikira ija, itafika ku Morąg mu Meyi 2010, inali yophunzitsira chabe, yobwera ndi kupita. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali chiopsezo chachikulu kwa dziko laling'ono: pangano umasainirana ndi boma, koma boma la mnzakoyo limasintha pa chisankho chimene iwe suvota nawo.

Tibwerere ku mkwiyo wa Russia. Malo a ku Deveselu anayamba kugwira ntchito mu Meyi 2016, ali ndi mizinga 24 yotchinga. Pangano la New START, la America ndi Russia lochepetsa zida za nyukiliya, linkalola Russia kukhala ndi mabomba a nyukiliya 1,550 okonzeka kuponyedwa. Mizinga 24 singatchinge zimenezo, ndipo akuluakulu a nkhondo ku Moscow amadziwa. Pamenepa dandaulo lawo n'lokokomeza. Koma ali ndi madandaulo ena awiri amene sindingawataye. Loyamba ndi loti malo akamangidwa, kuwonjezera mizinga kapena kuikamo yamphamvu kuposa n'kosavuta; amaopa za mawa osati za lero. Lachiwiri ndi loti choponyera cha Mk 41 chimene chili ku Deveselu ndi mtundu womwewo umene pa sitima zapamadzi umaponya Tomahawk, mzinga woputira. America imayankha kuti zoponyera za pamtundazi zilibe mapulogalamu a kompyuta ndi zipangizo zina zofunika poponya Tomahawk. Koma pangano la INF, limene linkaletsa America ndi Russia kukhala ndi mizinga yotere yoponyedwa kuchokera pamtunda, litatha pa 2 Ogasiti 2019, pasanathe masabata atatu America inayesa mzinga wamtundu wa Tomahawk kuchokera pamtunda, pa chilumba cha San Nicolas ku California, pogwiritsa ntchito choponyera cha Mk 41. Kuyambira tsiku limenelo, kuuza Moscow kuti musadere nkhawa kunakhala kovuta. Izi sizikulungamitsa zimene Russia yachita ku Ukraine; ndikungonena kuti munthu wochenjera sayang'ana zolinga za mnzake zokha, amayang'ananso zimene chidacho chingathe kuchita.

Turkey inasewera mochenjera. Ku Lisbon inaumirira kuti chikalata cha NATO chisatchule Iran ngati mdani, kenako mu 2011 inavomera radar ya ku Kürecik m'chigawo cha Malatya, kum'mawa kwa dzikolo, moyang'ana Iran yemweyo. Inalandira chida koma inakana kutchula dzina la amene chidacho chikumuyang'ana. Mu 2015 America ndi Germany anachotsa mizinga yawo ya Patriot imene inkateteza kumwera kwa Turkey pa nthawi ya nkhondo ya ku Syria. Turkey inaphunzirapo kuti cha mwini chimabwerera kwa mwini, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene imatchula pofotokoza chifukwa chake inagula zida zotchinga ndege ndi mizinga za S-400 ku Russia. Zidazo zitafika mu Julayi 2019, America inachotsa Turkey mu ntchito yopanga ndege za F-35.

Ku Japan zida za Aegis Ashore, zamtundu wa zija za ku Deveselu, zikanakhala za boma la Japan lomwe, koma anthu a ku Akita ndi ku Yamaguchi anazigonjetsabe. Unduna wa zachitetezo unalakwitsa miyeso ya mapiri mu lipoti lake losankhira malo, ndipo pa msonkhano wokapepesa kwa anthu a ku Akita mu 2019, mkulu wina wa undunawo anaoneka akusinza. Mu Juni 2020 nduna ya zachitetezo Taro Kono inaimitsa ntchitoyo, ponena kuti sakanatsimikiza kuti zidutswa zotsalira za mzinga sizidzagwera pa nyumba za anthu. Kwathu kuno palibe akutipempha malo a THAAD, koma anzathu a ku Zambia akukumbukira phokoso la mu 2022, pamene America inalengeza ofesi ya mgwirizano wa zachitetezo mu ofesi ya kazembe wake ku Lusaka, boma n'kumavutika kufotokoza kuti si msasa wa asilikali. Anthu akamva nkhani yotere kwa mlendo m'malo mwa boma lawo, sakhulupiriranso zofotokoza zobwera pambuyo.

Nanga phindu lili pati? Lilipo, ndipo si laling'ono. Mdani amaganiza kawiri asanaukire malo amene pali asilikali a America. Dziko losunga zida limamvedwa mawu ake ku Washington kuposa loyandikana nalo lopanda kanthu. Malo a ku Redzikowo, pafupi ndi Słupsk kumpoto kwa Poland, anatsegulidwa pa 13 Novembala 2024, patadutsa zaka 16 chisainireni pangano la Rice ndi Sikorski, ndipo patangopita masiku ochepa unduna wa zakunja wa Russia unanena kuti malowo ali pa mndandanda wa malo oyamba kuwombedwa. A ku Poland sanadzidzimuke nazo. Kwa iwo Russia inali mdani kale, malonda ndi Russia sanali moyo wawo, ndipo zimene zinachitikira Ukraine mu Febuluwale 2022 zinawatsimikizira kuti sanalakwitse. Amene woyandikana naye ndi mdani kale, kusunga zida za bwenzi kumamutayitsa zochepa. Vuto lenileni limagwera dziko limene woyandikana naye wokwiyayo ndi amenenso amagula katundu wake. Apa ndi pamene pabwera South Korea.

Mu Januwale 2016 North Korea inaphulitsa bomba la nyukiliya kachinayi, ndipo pa 8 Julayi boma la Park Geun-hye ndi America analengeza kuti aika THAAD. Patapita masiku asanu anatchula malo: Seongju, dera la alimi kumwera chakum'mawa kwa Seoul, lotchuka ndi mavwende ang'onoang'ono achikasu amene amadyedwa m'dziko lonselo. Alimiwo sanafunsidwe. Anamva kuti radar yamphamvu ikubwera pamwamba pa minda yawo, n'kuyamba kuopa za thanzi lawo komanso kuti ndani adzagulenso mavwende a ku Seongju. Nduna yaikulu Hwang Kyo-ahn itapita kukawanyengerera, anaigenda ndi mazira ndi mabotolo a madzi, n'kutsekereza basi yake kwa maola ambiri. Boma linasuntha malowo kupita pa bwalo la gofu la kampani ya Lotte, kumapiri pafupi ndi mudzi wa Soseong-ri, ndipo mu Febuluwale 2017 Lotte inavomera kusinthana malo ndi boma.

Taonani zimene chidachi chimachita ndi zimene sichichita. Gulu limodzi la THAAD lili ndi zoponyera zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha mizinga isanu ndi itatu, yonse pamodzi 48. Imafika pafupifupi makilomita 200, ndipo imagwira mizinga yodutsa pakati pa makilomita 40 ndi 150 m'mwamba. Kuchokera ku Seongju siifika ku Seoul, komwe mzindawo ndi madera ouzungulira mumakhala pafupifupi theka la anthu a dziko lonse, ndipo siingachite kanthu pa mfuti zikuluzikulu za North Korea zimene zaloza Seoul kuchokera kumalire. Imateteza kumwera, komwe kuli madoko monga Busan amene asilikali a America angadzere pobwera kudzathandiza. Zimenezi n'zofunika pa nkhondo, koma n'zovuta kufotokozera mayi wa ku Seoul kuti chishango chimene dziko lake likuvutikira sichimuphimba iyeyo.

China sinkadandaula ndi mizinga 48. Inkadandaula ndi radar ya AN/TPY-2. Inati radar imeneyi ingathe kusuzumira mkati mwa China n'kutumiza ku America zimene yaona zokhudza mizinga yake ya nyukiliya. America ndi South Korea anayankha kuti aitchera kuti iziona pafupi, mbali ya North Korea yokha. Beijing inati chotcheredwa lero chikhoza kutcheredwanso mawa. Ndipo sinalange America. Inalanga South Korea, imene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu wake wotumizidwa kunja linkapita ku China. Mwadzidzidzi oyendera zachitetezo cha moto anapeza zolakwika m'masitolo a Lotte Mart ku China, ndipo oposa 70 mwa masitolo akuluakulu 99 anatsekedwa. Mu Malichi 2017 makampani oyendetsa alendo analetsedwa kutengera magulu a anthu ku South Korea, ndipo alendo ochokera ku China anatsika kuchoka pa 8 miliyoni mu 2016 kufika pa 4 miliyoni ndi pang'ono mu 2017. Oimba ndi osewera mafilimu a ku Korea anangopeza kuti zitseko za ku China zatsekeka. Boma la China silinavomere poyera kuti likulanga aliyense. Mu 2018 Lotte Mart inagulitsa masitolo ake n'kuchoka.

Nanga bwenzi lija linathandiza bwanji? Pangano la chitetezo la 1953 la America ndi South Korea limakamba za kuukiridwa ndi zida, silikamba za sitolo yotsekedwa kapena hotelo yopanda alendo. South Korea inasenza yokha katunduyo. Pamwamba pa zimenezo, mu Epulo 2017 Donald Trump anauza atolankhani kuti South Korea iyenera kulipira madola 1 biliyoni a THAAD, pamene mgwirizano unali woti Korea ipereka malo, America ilipira zida. Mlangizi wake wa zachitetezo, H. R. McMaster, anachita kuimba foni ku Seoul kukazimitsa motowo.

Ndipo kaikidwe kake kanasiya bala m'dzikomo. Park anachotsedwa pa mpando pa 10 Malichi 2017. Chisankho chisanachitike, m'bandakucha wa pa 26 Epulo, magalimoto onyamula radar ndi zoponyera ziwiri anadutsa ku Soseong-ri apolisi masauzande atatchinga msewu, akukankha agogo a m'mudzimo amene anakhala pansi kuti atseke njira. Aliyense anaona kuti cholinga chinali choti pulezidenti watsopano adzapeze zinthu zitachitika kale. Pulezidenti watsopanoyo, Moon Jae-in, atalowa m'boma mu Meyi, anatulukira kuti zoponyera zina zinayi zinali zitalowa kale m'dziko ndipo unduna wake womwe wa zachitetezo unazisiya mu lipoti lopita kwa iye. Analamula kafukufuku n'kuimitsa kaye ntchitoyo. Koma pa 3 Seputembala North Korea inaphulitsa bomba lachisanu ndi chimodzi, lalikulu kuposa onse, ndipo patangopita masiku anayi zoponyera zinayizo zinakwera phiri, apolisi akunyamulanso agogo omwe aja kuwachotsa mu msewu.

Kuti China iziziritse mtima, mu Okutobala 2017 nduna ya zakunja Kang Kyung-wha inauza aphungu zinthu zitatu: South Korea sikuganiza zowonjezera THAAD ina, silowa mu dongosolo la America lotchinga mizinga, ndipo mgwirizano wake ndi America ndi Japan sudzasanduka pangano la nkhondo la mayiko atatu. Ndimamvetsa chifukwa chake anatero, poti amalonda anali kulira. Koma ndimaona kuti mtengo wake unali wokwera: dziko loyandikana nalo linaphunzira kuti likafinya thumba la Korea, likhoza kulowerera pa ziganizo za chitetezo chake. Zikanapeweka zikanakhala kuti America inavomereza kuyambira pachiyambi kuti chilango cha zamalonda ndi gawo la mtengo wa chidacho, n'kulonjeza kusenza nawo, komanso zikanakhala kuti nkhaniyo inadutsa m'nyumba ya malamulo poyera m'malo mothamangitsidwa usiku.

Nkhaniyo sinathe. Mu 2022 boma latsopano la South Korea, la Yoon Suk-yeol, linanena kuti mawu atatu aja sanali pangano kapena lonjezo, anali maganizo a boma lapitalo chabe, ndipo chitetezo cha Korea si chokambirana ndi China. Beijing imanenabe kuti Seoul inalonjeza, ndipo imawonjezerapo chachinayi, chakuti THAAD yomwe ilipoyo izigwiritsidwa ntchito mochepetsedwa. Kafukufuku wa zachilengedwe wa malo a ku Seongju anamalizidwa mu Juni 2023, patadutsa zaka zisanu ndi chimodzi zidazo zitaikidwa kale. Anapeza kuti mphamvu yotuluka mu radar ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlingo woopsa kwa munthu, koma anthu a ku Soseong-ri anakana kuvomereza zotsatirazo, ponena kuti kafukufukuyo anachitika mwachiphamaso.